Kukaona zida zakale ku myuziyamu: mafunso ndi mayankho kwa ochokera mu Lilongwe

Awa ndi mafunso amene aphunzitsi anzanga, makolo ndi atsogoleri a magulu a kumpingo amandifunsa akamakonza ulendo wokaona zinthu zakale. Ena ndawayankha mwachidule. Pamene pali nkhani ndatalikitsa dala.

Kodi mu Lilongwe muno muli nyumba yosungiramo zida zakale?

Yaikulu ngati ya ku Blantyre mulibe. Likulu la dziko lidasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, koma myuziyamu yaikulu idatsala pa Chichiri, pomwe idatsegulidwa mu 1966. Kuno tili ndi chiliza cha Kamuzu pafupi ndi Nyumba ya Malamulo ndiponso chipilala chokumbukira asilikali ku Area 18. Awa ndi malo a mbiri ndithu, koma simukapezako mvukuto kapena mphero. Wofuna zida za ntchito ndi ziwiya za pakhomo ayenera kutuluka m'tauni.

Ndiye tilowere kuti?

Kufupi kwa ife ndi ku Mua, m'boma la Dedza, kumunsi kwa mapiri cha ku Mtakataka. Mishoni ya Mua adaiyambitsa ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada, adayambitsa pamenepo malo a zachikhalidwe a KuNgoni. Myuziyamu yake, yotchedwa Chamare, imafotokoza moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira kubadwa mpaka maliro, ndipo ili ndi nkhope za Gule Wamkulu mazanamazana. Pambali pake pali osema amene mumawaona akugwira ntchito.

Ku Chichiri n'komwe kuli zinthu zamitundumitundu: makasu akale, zida za alenje, ndalama zakale, ndipo panja pali mutu wa sitima yoyendera nthunzi umene ana safuna kuusiya. Kuchokera kuno ndi mtunda wopitirira makilomita 300, choncho konzani zogona. Mukakhala kumeneko dutsaninso pa Namaka, pamsewu wa Blantyre ndi Zomba, pomwe pali kanyumba ka amtengatenga, anthu amene ankanyamula makalata wapansi. Ku Mangochi kuli myuziyamu ya za nyanja, ya mabwato, miono ndi sitima zakale. Kumpoto kuli ya ku Mzuzu, Stone House ya ku Livingstonia, ndi ya ku Karonga yomwe idatsegulidwa mu 2004, yotchuka ndi mafupa a chinyama chija amati Malawisaurus.

Ku Mua timadzera njira iti?

Ziwiri. Mutha kudzera ku Salima kenako n'kukhotera kumwera pamsewu wa m'mbali mwa nyanja, kapena kutsata msewu wa M1 kupitirira Dedza n'kutsika phiri la Khwekhwerere kulowera ku Golomoti. Ya Khwekhwerere ndi yokongola koma ndi yokhotakhota, ndipo minibasi yodzaza ana imafuna mabuleki abwino ndi dalaivala wosathamanga. Mukanyamuka m'mamawa mubwerako tsiku lomwelo.

Mtondo ndi munsi tili nazo kumudzi. Tikalipirirenji kukaona zomwe zili kuseri kwa nyumba ya agogo?

Funso limeneli ndimalimva kawirikawiri, ndipo silopusa. Zambiri zimene zili m'magalasi ku myuziyamu zikugwirabe ntchito ku Mitundu, ku Nsundwe ndi ku Malingunde. Koma kumudzi mumaona mtondo umodzi, wa kwanu. Ku myuziyamu mumaona zida za mibadwo ndi madera osiyana zitaikidwa pamodzi, ndipo pamenepo mpomwe diso limayamba kufunsa. Bwanji khasu ili ndi lozungulira pomwe ilo ndi lalitali? Bwanji mphero ili pambali pa mtondo?

Tengani mpheroyo. Ndi mwala wophwatalala wokhala ndi kamwala kake kopererako. Ankaperapo mawere ndi mapira, mbewu zimene makolo ankadya chimanga chisanafale. Chimanga chidachokera ku America, chidafika m'mayiko athu ano kudzera m'malonda a Apwitikizi, ndipo chidatenga nthawi kuti chilande malo a mapira m'nkhokwe. Mwana wa ku Area 25 amene amaganiza kuti nsima ya chimanga idayamba ndi Kaphirintiwa akaima pa mphero amaphunzira kanthu kamene buku silidamuuze bwino. Ayang'anenso pakati pa mwalawo pomwe padakumbika ngati mbale. Dzenje limenelo silidasemedwe tsiku limodzi: ndi manja a amayi angapo, m'mawa uliwonse, kwa zaka zambiri.

Ine ndimaona kuti phindu lenileni la ulendo wotere lili pa zizindikiro zimenezi, osati pa kapepala kolembedwa dzina. Mpini wosalala pomwe dzanja linkagwira, chikho chosokedwa pomwe chidang'aluka, lichero lomwe mkombero wake adaumanganso ndi luzi lina. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Gulu limene limathamanga chipinda ndi chipinda kuti limalize zonse limabwerako ndi zithunzi zokha.

Ndi zida ziti zoyenera kuimapo nthawi yaitali?

Za osula. Anthu ambiri amadziwa chipala, pomwe wosula amatenthetsa chitsulo n'kumachimenya ndi nyundo. Ochepa ndi amene amadziwa kuti makolo ankapanga chitsulocho okha kuchokera ku miyala. Ankaumba ng'anjo ya dothi, ina yotalika kuposa munthu, n'kuikamo miyala yachitsulo ndi makala mosanjikiza, moto n'kumayaka usana ndi usiku. Chotuluka m'menemo sichinali chitsulo chosalala ngati cha kusitolo, koma chibuma chosakanikirana ndi zinyalala, chimene ankachitenthetsanso ndi mvukuto wa chikopa cha mbuzi n'kuchisula mpaka chitayera. Ofukula zakale adapeza ku Nkope, m'boma la Mangochi, zizindikiro zoti anthu ankagwiritsa kale ntchito chitsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo. Zotsalira za ng'anjo zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu ndi ku Nyika.

Ntchitoyi inkachitikira kutali ndi mudzi, ndipo inali ndi miyambo yake: osula ankadika, osalowa m'nyumba kwa akazi awo mpaka ng'anjo itabereka. Lusoli lidazilala m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, makasu a kusitolo ndi zitsulo zotha ntchito za azungu zitachuluka. N'chifukwa chiyani munthu angawotche makala a mitengo yambirimbiri pomwe sipuling'i ya galimoto ikupereka chitsulo chabwino kale?

Mukafika pa makasu, yang'anani msuka, kamchira kosongoka kolowa mumpini. Ankauwotcha n'kuboolera nawo mutu wa mpiniwo. Nkhwangwa ndi kasemasema nazonso n'chimodzimodzi, ndipo chitsulo chimodzi chinkatha kuzulidwa n'kutembenuzidwa kuti chigwire ntchito ina.

Kenako pitani ku zoumba. Mwana wa m'tauni amangoti zonse ndi miphika, koma mayi wa kumudzi angakusekeni. Mphika ndi wa ndiwo, nkhali ndi ya nsima, mtsuko ndi wa madzi, mbiya ndi ya mowa, ndipo ikasweka, phale lake limakazinga chimanga ndi mtedza. Zonsezi ankaumba ndi manja, kusalaza ndi chisononkho ndi kamwala, n'kuwotcha pamtetete. Funsani ana kuti bwanji mtsuko uli ndi khosi lopapatiza pomwe nkhali ili kukamwa yasa. Akaganizira za mayi wosenza madzi pankhata kuchokera kudambo, yankho alipeza okha.

Kwacha isanabwere, malonda ankayenda bwanji?

Ndi kusinthana, koma osati mwachisawawa. Panali zinthu zimene aliyense ankazilandira chifukwa sizinkawola msanga ndipo zinkafunika paliponse: makasu, mchere, nsalu ndi mikanda. Mchere ankautcheza kuchokera ku dothi la m'madera ngati a ku nyanja ya Chilwa ndi ku Chigwa cha Shire. Kumeneko ku chigwa ankalimanso thonje n'kumaluka nsalu yolimba yotchedwa machila. Nsalu ankaiyeza ndi thupi: mkono, kapena mkwamba, kuchokera chala cha dzanja ili kukafika chala cha dzanja linalo munthu atatambasula manja. Wogula wamtali ankapindula, ndipo musaganize kuti ogulitsa sankadziwa zimenezo.

Malondawa ankafika kutali. Pa Mankhamba, likulu la a Kalonga a Amaravi, lomwe lili kufupi ndi Mua komweko, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi adapeza mikanda yagalasi, zidutswa za mbale zochokera ku China, mkuwa ndi minyanga ya njovu. Izi zikutanthauza kuti Achewa ankagulitsana zinthu ndi anthu a kugombe la nyanja yamchere Livingstone asanabadwe n'komwe.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi yowawa. Njira zomwezo za minyanga n'zimene zinkadutsa akapolo, ndipo ku Nkhotakota, kwa Jumbe, kudali doko lalikulu lowawolotsera nyanja. Mukakumana ndi goli, unyolo kapena mfuti ya gogodela, musawakankhe ana kuti adutse msanga. Zimenezonso zidali zida za malonda.

Pambuyo pake padabwera masitolo. Kampani ya African Lakes idayamba mu 1878, ndipo nyumba yake ya Mandala ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, ilipobe. Dzinalo lidachokera ku magalasi a m'maso a John Moir, mmodzi wa oyendetsa kampaniyo. Msonkho wa nyumba umene atsamunda adakhazikitsa m'zaka za m'ma 1890 ndiwo udakakamiza anthu ambiri kuyamba kusaka ndalama zachitsulo. Ku myuziyamu mukaona makhobidi oboola pakati, amene anthu ankawatunga pachingwe, matiki ndi masheleni. Kwacha ndi tambala zidayamba mu 1971: paundi imodzi idasanduka makwacha awiri, sheleni n'kukhala 10 tambala. Auzeni ana zimenezi muone mmene akuyang'anirani.

Chiwondo n'chiyani? Ana amafunsa kawirikawiri.

Ndi nsalu ya khungwa la mtengo, kawirikawiri mombo. Ankasenda khungwalo, kulinyika, n'kulisula ndi kachibonga kokhala ndi mizera mpaka litafewa ndi kutambasuka. Ena amati nyanda. Ikanyowa ndi mvula siinkachedwa kutha, n'chifukwa chake nsalu za kusitolo zitafika anthu sadazengereze.

Bwanji amaikamonso simbi yamakala, koloboyi ndi makina osokera? Zimenezi si zadzulodzulo?

Kwa inu ndi ine ndi zadzulo. Kwa mwana wobadwa foni zitafala kale, simbi yamakala ndi yachilendo ngati uta ndi mivi. Ndidaonapo mtsikana wa Fomu 2 akufunsa kuti waya wake ankalowa pati.

Komanso zinthu zimenezi zili ndi mbiri ya maulendo. Makina osokera a Singer, njinga, galamafoni ndi masutikesi achitsulo zambiri zidabwera pamutu pa amuna ochokera ku Joni ndi ku Halale. Amene ankapita ku migodi kudzera ku Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ya kumigodi ya ku Joni, ankabwerera ndi katundu woti mudzi wonse udziwe kuti munthu wabwera. Ulendo umenewu udaima kwa kanthawi mu 1974 ndege ya Wenela itagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi ambiri obwerera kwawo. Telala wa pakhonde pa sitolo ya mwenye, amene ankasoka mayunifomu a mudzi wonse, kawirikawiri adayamba ndi makina obwera m'njira imeneyi. Ndipo mukaona wayilesi ya Nzeru, dziwani kuti idalumikizidwa konkuno ku Malawi.

Kodi amalola kugwira zinthu kapena kujambula?

Kugwira ayi, pokhapokha wokuonetsani atanena yekha. Thukuta la m'manja limadyetsa chitsulo dzimbiri, ndipo chiwondo kapena dengu la zaka zambiri limafumbutuka mosavuta. Za kujambula funsani pakhomo musanatulutse foni, chifukwa malamulo amasiyana malo ndi malo, ndipo zipinda zina saloleza n'komwe.

Ife ena sitidavinidwe, ena ndi a mpingo. Tingalowe m'chipinda cha Gule Wamkulu?

Chipinda cha ku Mua chidakonzedwa kuti alendo alowemo, ndipo akulowamo anthu a zipembedzo zonse. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, idalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu a dziko lonse lapansi mu 2005. Komabe kumbukirani kuti pagulu lanu pakhoza kukhala ena olowa kudambwe, amene kwa iwo izi si zoseweretsa. Achenjezeni ana asanatsike galimoto: osaseka monyoza, osaumiriza mnzawo kuti aulule zimene sayenera kunena pagulu. Ngati kholo lakana kuti mwana wake alowe, musalimbane nalo. Mwanayo akhale panja ndi osema, sataya kanthu pa nkhani ya zida.

Kodi n'koyenera kutenga agogo paulendo wotere?

Ngati m'galimoto mwatsala mpando umodzi, mpatseni munthu wachikulire. Kapepala ka pagalasi kamangokuuzani dzina la chinthu ndi dera lomwe chidachokera. Kagwiridwe kake kali m'manja mwa anthu amene adachigwiritsa ntchito, ndipo anthuwo akutha.

Ulendo wina ndidatenga azakhali anga a ku Chitedze. Pamalo ena amene tidafikako, mnyamata wotionetsa adaloza chiwiya china n'kunena kuti ankasungiramo ufa. Azakhali adachiyang'ana kukamwa, adachiyang'ana kunsi, kenako adati, "Mwanawe, ufa sudetsa mbiya chonchi. Taona mwaye uwu. Umu ankaphikamo mowa, ndipo mwini wake ankasonkhezera mbali imodzi." Mnyamatayo adayamba wachita manyazi, koma adali wanzeru: adati, "Agogo, tandiuzeni zambiri," n'kutulutsa cholembera. Tidakhala pa mbiya imeneyo pafupifupi theka la ola. Azakhali adafotokoza za chimera, za tsiku lophika ndi tsiku losuza, mpaka adayamba kuimba nyimbo ya pamtondo imene ine, mwana wa mlongo wawo, ndidali ndisanaimvepo. Ana amene ndidapita nawo aiwala zambiri za tsikulo, koma mbiya ija amaitchulabe.

Mukatenga achikulire, kumbukirani kuti kuima nthawi yaitali kumawatopetsa. Pemphani mpando, ndipo musawafulumizitse akayamba kulankhula.

Ana tiwakonzekeretse bwanji?

Sabata imodzi ulendo usanachitike, aliyense akafunse kunyumba dzina la chida chimodzi chimene makolo ake ankagwiritsa ntchito koma pano kulibe. Akafika akachisake. Amene wachipeza achijambule ndi pensulo m'kope, chifukwa wojambula ndi dzanja amayang'anitsitsa kuposa wojambula ndi foni. Gawani ana m'magulu ang'onoang'ono. Ana 60 pagalasi limodzi amene amaona ndi asanu akutsogolo, enawo akutsinana kumbuyo. Ana a sukulu ya mkaka sapirira kupitirira ola.

Nanga malipiro ndi nthawi yotsegulira?

Mitengo imasintha, choncho imbani foni kapena lembani kalata masiku angapo musanapite, makamaka mukakhala gulu la sukulu. Nenani chiwerengero chanu ndipo pemphani wokuonetsani wolankhula Chichewa. Funsaninso ngati amatsegula Loweruka, Lamulungu ndi masiku a tchuthi. Tengani ndalama m'manja, kamba ndi madzi akumwa. Kumunsi kwa Dedza ndi ku Mangochi kumatentha kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, pomwe miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti ndi yabwino kuyenda ndi ana.

Kwathu kuli chida chakale cha malemu agogo. Ndichipereke ku myuziyamu, ndichigulitse, kapena ndichisunge?

Choyamba si chanu nokha. Kambiranani ndi amalume ndi eni mbumba, chifukwa nkhwangwa ya malemu ikasowa mwakachetechete imadzutsa mlandu pamaliro otsatira.

Chachiwiri, lembani mbiri yake lero. Adachipanga ndani, mudzi uti, mfumu yaikulu iti, ankachigwiritsa ntchito yanji, chidasiya liti kugwira ntchito. Jambulani mawu a wachikulire amene akuchidziwa. Osunga zakale amavutika kwambiri ndi zinthu zofika popanda mbiri: khasu lopanda dzina la mudzi limangokhala chitsulo chadzimbiri.

Mukasankha kusunga nokha, adani ndi atatu: chiswe, chinyezi ndi mtima wofuna kukongoletsa. Musachiike pansi kapena kuchitsamiritsa kukhoma ladothi. Musachipake penti kapena vanishi, ndipo musachikwecheze ndi sandipepa kuti chiwale, pakuti mukatero mwafufuta zizindikiro zija za manja. Pukutani fumbi ndi kansalu kouma basi. Chamtengo chikayamba kutuluka ufa, ndiye kuti mwalowa tizilombo, chipatuleni pa zinzake.

Za kugulitsa samalani. Malamulo a dziko lino amateteza zinthu zakale, ndipo kuzitulutsa kunja popanda chilolezo cha boma ndi mlandu. Mukapeza miphika, mikanda kapena mafupa pokumba maziko, musazule: dziwitsani amfumu ndi a nthambi ya boma yoona za myuziyamu ndi zipilala, chifukwa malo amene chinthu chagona amauza akatswiri zambiri kuposa chinthucho. Chilichonse cha mnyanga wa njovu, ngakhale khoza la agogo aakazi, musayerekeze kupita nalo pamsika. Lamulo la zanyama zakutchire lidakhwimitsidwa mu 2017, ndipo anthu akumangidwa zaka zambiri.

Ndalama ya ulendo yalephera kukwana. Palibe chimene tingachite konkuno?

Chilipo, ndipo mwina n'kuyamba ndi chimenechi ngakhale ndalama ikanakwana. Tengani ana ku msika waukulu wa ku Old Town m'mawa wa pakati pa sabata. Pitani kumene amagulitsa malichero, mithiko, zipande ndi mphasa, kenako tsatani phokoso la nyundo mpaka mutafika kwa okhoma zidebe. Amenewa amadula lata ndi sizasi yaikulu n'kupinda ndowa, mbaula ndi makheni othirira kudimba popanda chojambula chilichonse papepala. Ku Mchesi kuli akalipentala amene akupalabe matabwa ndi pulena yamanja. Kunja kwa tauni, pamisika ya tsiku limodzi pa sabata, mupezabe wosula amene mvukuto wake tsopano ndi gudumu la njinga lopukusa kachimphepo, akusula nkhwangwa kuchokera ku sipuling'i.

Pitani kaye nokha dzulo lake mukapemphe. Nenani kuti, "Bambo, ndili ndi ana a sukulu khumi, tingabwere mawa kudzaona mmene mumagwirira ntchito?" Musafike ndi gulu modzidzimutsa nthawi ya makasitomala, musajambule munthu musanamufunse, ndipo pochoka gulani kanthu, kaya ndi mbaula yaing'ono kaya chipande. Ana afunse dzina la chida chilichonse chili pansipo, afunsenso kuti mmisiriyo adaphunzira kwa yani. Mayina amenewo awalembe m'kope lomwe lija, adzapite nalo ku Mua kapena ku Chichiri chaka chimene ndalama idzakwane.